Mlimi wa soya, akukuyankhulirani ndani?

Soya akayamba kuyoyola masamba m'minda, masikelo nawo amayamba kumera. Mukadzera msewu wa ku Mchinji kudutsa pa Namitete mpaka pa Kamwendo, kapena wa ku Kasungu kudzera pa Mponela ndi pa Madisi, mumawaona atapachikidwa pamitengo ndi m'makhonde a magolosale, mnyamata atakhala pambali ndi kachikwama ka ndalama m'chiuno. Inu mumafika ndi matumba awiri panjinga, thukuta lili kamukamu. Wotchula mtengo ndi iye, wowerenga sikelo ndi iye yemweyo. Akanena kuti soya wanu sadaumitsitse ndipo achotsapo makilogalamu awiri, mumayang'ana njinga, n'kuganiza za mtunda wobwerera ndi katundu kumudzi, basi n'kuvomera.

Patsamba lino timakonda kukambirana za m'munda: mbewu yabwino, kubzala ndi mvula yoyamba, timizere tiwiri pamzere umodzi, kupaka inokulanti, kupalira msanga. Zonsezo n'zofunika ndipo tipitiriza kuzikamba. Koma lero tiyeni tione zomwe zimachitika soya akachoka m'munda, chifukwa alimi ambiri akulima bwino koma akuluza pamsika. Maganizo anga ndi akuti mlimi wa soya m'dziko muno sadzadya thukuta lake mokwanira kufikira atakhala ndi mabungwe akeake, omwe amawasonkhera yekha ndipo ali ndi mphamvu yowafunsa mafunso. Bungwe lomwe simuikamo kanthu silingakuyankhulireni, chifukwa limamvera amene akulipatsa ndalama.

Tiyambe ndi masamu a pakhomo panu. Tiyerekeze kuti mwalima ekala imodzi n'kukolola matumba 8 a makilogalamu 50, monga amapezera alimi ambiri ang'onoang'ono. Onse pamodzi ndi makilogalamu 400. Sikelo ikamadya makilogalamu awiri pathumba lililonse, mwasiya makilogalamu 16 osalipidwa. Wogula akatsitsa mtengo ndi K100 yokha pa kilogalamu poyerekeza ndi womwe boma lidalengeza, ina pafupifupi K40,000 yapita. Chaka ndi chaka unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu, ndipo timaimva pawailesi, koma pansi pa mtengo wa mango paja palibe amene amaitsata ngati mlimi ali yekha ndipo kunyumba mchere watha.

Sindikunena kuti venda aliyense ndi wakuba. Venda amafika komwe galimoto ya kampani siifika, ndipo amalipira pompopompo, zomwe misika ina yomveka bwino imalephera. Vuto ndi lakuti pamalonda amenewa mbali imodzi imadziwa mtengo wa ku Lilongwe, ili ndi ndalama m'manja ndipo ikhoza kudikira, pomwe mbali inayo sidziwa mtengo, ili ndi ngongole ndipo singadikire.

Tsopano wonjezerani masamu aja. Alimi 15 a pakalabu imodzi, aliyense ndi matumba 8, ali ndi matumba 120, omwe ndi matani 6. Makalabu asanu otere ali ndi matumba 600, matani 30, katundu wodzaza thiraki yaikulu. Mwini matumba awiri amapita kukafuna wogula, koma eni matani 30 wogula ndiye amawafuna, amaimba foni n'kufunsa kuti katundu ali pati. Soya ndi yemweyo, minda ndi yomweyo, chasintha n'chakuti walowa pamsika ngati mulu umodzi.

Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo chaka cha 2021 chidationetsa. Alimi adagulitsa soya wambiri m'miyezi yokolola pamtengo wotsika, wambiri n'kutumizidwa kunja, makamaka ku India. Pofika kumayambiriro kwa 2022 mtengo wa soya m'dziko muno udali utakwera kuposa kawiri, monga adaonetsera akatswiri a ku University of Johannesburg omwe amatsata mitengo ya mbewu m'maiko a kuno kwathu. Panthawiyo m'nkhokwe za alimi mudalibe kanthu. Phindu la kukwera kwa mtengoko lidapita kwa amene adali ndi nyumba zosungiramo katundu ndi ndalama zodikirira. Oweta nkhuku ang'onoang'ono nawo adalira chifukwa chakudya cha nkhuku chidakwera. Mlimi adaluza pogulitsa soya, n'kuluzanso pogula mafuta ophikira ndi mazira.

Komwe kumagamulidwa mtengo

Mtengo wa soya wanu sugamulidwa pasikelo pokha. Umagamulidwanso m'zipinda za misonkhano ku Lilongwe, komwe amakambirana ngati soya aloledwe kutuluka m'dziko muno kapena ayi, ndani apatsidwe chiphaso chogulira mbewu, komanso misonkho ikhale yotani. Lamulo loona za katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko, lomwe lidakonzedwanso m'chaka cha 2018, limapatsa boma mphamvu yoletsa kapena kuchepetsa kutumiza mbewu kunja, ndipo kangapo konse mphamvuyi yagwiritsidwa ntchito pa soya. Chipata chikatsekedwa nthawi yokolola, ogula amatsala ochepa, makamaka makampani ofinya mafuta ndi opanga chakudya cha ziweto, ndipo mtengo umagwa. Chikatsegulidwa mlimi atagulitsa kale, wopindula ndi amene adasunga.

Makampaniwa ali ndi zifukwa zawo zomveka. Amafuna soya wokwanira kuti makina asaime, antchito asachotsedwe, ndipo dziko lisamawononge ndalama zakunja poitanitsa mafuta. Sindikuwada pofotokoza mbali yawo. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti iwo amalowa m'chipindamo ali ogwirizana. Opanga mafuta ophikira ali ndi bungwe lawo, oweta nkhuku zambiri ali ndi lawo. Boma litaika msonkho wa VAT pa mafuta ophikira m'chaka cha 2020, iwo sadatope kudandaula m'manyuzipepala ndi ku Nyumba ya Malamulo, mpaka msonkhowo udachotsedwa mu 2022. Makampani owerengeka okha amatha kukumana tsiku limodzi n'kulemba kalata imodzi. Alimi a soya ndinu zikwi mazanamazana, kuyambira ku Ntcheu ndi Dedza mpaka ku Ntchisi, Dowa, Kasungu ndi Mzimba, ndipo kuchuluka komweko n'komwe kumakufooketsani ngati simudamangane pamodzi.

Sikuti tikuyambira pabwalo loyera. Bungwe la NASFAM lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1997 kuchokera m'makalabu a alimi ang'onoang'ono a fodya wa bale, ndipo lero mamembala ake amalimanso mtedza, mpunga, soya ndi mbewu zina. Maziko ake ndi kalabu ya alimi 10 kapena 15 odziwana, makalabu n'kupanga magulu aakulu, maguluwo n'kusankha atsogoleri mpaka kulikulu. Bungwe la Farmers Union of Malawi lidabadwa mu 2003 kuti likhale ambulera ya mabungwe a alimi, ndipo ndi limodzi mwa omwe amayankhula nkhani ya mitengo yoyambira kapena yotseka zipata ikabuka. Msika wa ACE, womwe umalumikiza ogula ndi ogulitsa mbewu komanso kuyendetsa malisiti a mbewu zosungitsa, nawo udayamba ndi dzanja la NASFAM. Lamulo la makopaletivi la 1998 limalola anthu ochepa chabe, kuyambira 10, kulembetsa kopaletivi yawo ku unduna woona zamalonda. Ndipo kudzera m'pulojekiti ya AGCOM makopaletivi ambiri amanga nyumba zosungiramo mbewu ndi kugula mathirakitala, iwo atasonkha gawo lawo.

Mabungwewa agwira ntchito yooneka ndipo ayenera kuyamikiridwa. Koma mtsogoleri wa alimi akamayankhula ndi nduna, ndunayo imayeza mawu ake poona anthu omwe ali kumbuyo kwake. Ngati ali ndi mamembala olipira, odziwika maina ndi matani omwe ali nawo, amamvedwa. Ngati ali ndi mndandanda wa maina omwe adalembedwa tsiku logawa mbewu yaulere, amapatsidwa tiyi n'kutsanzikidwa.

Makalabu a pulojekiti

Apa ndiye pali chilonda chathu. Magulu ambiri a alimi m'midzimu adabadwa chifukwa kudabwera galimoto. Adauzidwa kuti pangani gulu kuti mulandire mbewu, ndipo gulu lidapangidwadi tsiku lomwelo, wapampando n'kukhala m'bale wa amfumu. Pulojekiti ili mkati, misonkhano imadzaza chifukwa kuli fanta ndi kandalama ka mayendedwe. Ikatha, chimatsala ndi chikwangwani chochita dzimbiri pamphambano. Funsani m'dera lanu kuti ndi magulu angati omwe adakumanapo kamodzi kokha galimoto itasiya kubwera.

Chaka cha 2025 chidatiphunzitsa kuti thandizo lakunja likhoza kuuma usiku umodzi. Boma la America litaimitsa ntchito za USAID, mapulojekiti ambiri a zaulimi adaima mwadzidzidzi. Ngakhale bungwe lofufuza za soya la Soybean Innovation Lab la ku University of Illinois, lomwe linkathandiza kuyesa mitundu ya soya m'maiko a mu Africa kuphatikizapo Malawi, lidalengeza kuti likutseka, ndipo lidapulumukira thandizo la kanthawi lochokera kwa munthu wakufuna kwabwino. Sitingawadandaule eni ndalama, n'zawo. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ngati kafukufuku wa mbewu yathu, ulangizi wathu ndi mawu athu kuboma zonse zikudalira thumba la wina, ndiye kuti tsiku lililonse tikhoza kudzuka tilibe chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti alimi a soya a ku America komweko sadikira wina kuti awalipirire zimenezi. Bungwe lawo la American Soybean Association lidayamba m'chaka cha 1920, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuyankhula ndi boma m'malo mwa alimi, pogwiritsa ntchito ndalama za umembala. Kuwonjezera apo, kutsatira lamulo la 1990, mlimi aliyense akagulitsa soya amadulidwa theka la 1 peresenti ya mtengo wake. Theka la ndalamazo limatsala m'chigawo chomwe mlimiyo amakhala, theka linalo limapita kuthumba la dziko lonse lomwe limayang'aniridwa ndi United Soybean Board, komiti ya alimi oposa 70. Ndalamazi amalipirira kafukufuku wa mbewu ndi matenda, kufunafuna misika kunja ndi kupeza ntchito zatsopano za soya. Lamulo limaletsa kuzigwiritsa ntchito pokopa andale, n'chifukwa chake thumba la kafukufuku ndi la kuyankhula ndi boma adazilekanitsa.

Mlimi wa kumeneko ali ndi mahekitala mazanamazana ndi makina, ndipo sitingatengere zonse momwe zilili. Koma taonani kukula kwa choperekacho. Theka la 1 peresenti ndi K500 pa K100,000 iliyonse. Pathumba la makilogalamu 50 ndi kotala ya kilogalamu, soya wosadzaza n'komwe kapu yaikulu ya tiyi kawiri. Yerekezani ndi makilogalamu awiri aja omwe mumasiya pasikelo popanda lisiti. M'zaka za mvula yabwino dziko lino lakhala likukolola soya woposa matani 200,000. Kotala ya kilogalamu pathumba lililonse ikadasonkhanitsidwa, akadakhala matumba 20,000 chaka chimodzi, a alimi eni ake, oti n'kulipirira alangizi a soya, minda yoyeserera mbewu m'maboma, uthenga wa mitengo pafoni ndi anthu odziwa malamulo okakhala m'zipinda zija.

Nzeruyi si yachilendo kwa ife. Alimi a fodya ali ndi TAMA kuyambira m'chaka cha 1929, ndipo bungwe la ARET, lomwe limachita kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, lakhala likuyendera ndalama zodulidwa pa fodya wa alimi kuokushoni. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe nkhani ya fodya imafikira msanga kwa akuluakulu msika ukangovuta. Lero ambiri mwa inu mwachepetsa fodya n'kulowa mu soya, koma mwasiya m'mbuyo chida chomwe chinkapatsa fodya mawu.

Zodandaula zanu n'zoona

Ndikudziwa zomwe ena mukunena pamene mukuwerenga, ndipo sindikuzipeputsa.

Choyamba, amene mudalimapo fodya mukukumbukira pepala la malonda lodzaza ndi zodula, mpaka ndalama yofika m'manja kuchepa ngati ya ganyu. Mawu oti kudula amakupatsani mantha, ndipo mpake. N'chifukwa chake sindikupempha boma kuti mawa liike msonkho watsopano pa soya. Ndikunena chopereka chomwe inu eni mwagwirizana pamsonkhano wa gulu lanu, chodziwika kukula kwake, cholembedwa palisiti, ndipo chomwe mukhoza kuchiimitsa chaka chamawa ngati simukuona ntchito yake. Chiyambire pakalabu ndi pakopaletivi. Chikadzaoneka phindu lake m'maboma angapo, nkhani ya thumba la dziko lonse idzabwera ndi alimi eni, osati kuchokera kumwamba.

Chachiwiri ndi njala ya ndalama nthawi yokolola. N'kosavuta kuuza munthu kuti sunga soya mpaka Okutobala, koma mwana akufuna fizi ya teremu yachitatu, wakatapira ali pakhomo, ndipo wodwala sadikira mtengo. Gulu lomwe limangouza mamembala kuti dikirani popanda kuwapatsa kanthu m'manja lidzaona soya akutuluka usiku kupita kwa venda. Gulu lanzeru limakonzekera zimenezi mvula isanagwe. Lina limamanga banki m'khonde yomwe imagawana ndalama m'mwezi wokolola. Lina limagwiritsa ntchito masheya a mamembala kulipira gawo loyamba tsiku lomwe mlimi wabweretsa katundu, yotsalayo n'kudzalipira akagulitsa. Lina limasungitsa mbewu kunyumba yovomerezeka n'kulandira lisiti yomwe likhoza kutengera ngongole, njira yomwe ili ndi lamulo lake kuyambira 2018. Ndipo palibe cholakwa kugwirizana kuti aliyense agulitse matumba awiri payekha kuti athane ndi zapakhomo, asanu ndi limodzi otsalawo apite kugulu. Lonjezo laling'ono losungika limaposa lalikulu losweka.

Ndinene poyera kuti kusunga sikupindulitsa chaka chilichonse. Pali lendi ya nyumba, chiwongoladzanja cha ngongole, matumba, mlonda, ndipo zaka zina mtengo sukwera mokwanira kubweza zonsezi. Amene amalima nandolo akukumbukira 2017, pomwe India idachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, mtengo n'kugwa mpaka ena kumusiya m'munda. Gulu silingaletse zoterezi. Chomwe lingachite ndi kumva msanga, kuwerengera bwino, kugulitsa katundu m'magawo m'malo moika zonse pa tsiku limodzi, ndi kufuna wogula wosainirana naye mgwirizano mbewu isanabzalidwe.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, ndi kuba kwa atsogoleri. Pafupifupi dera lililonse lili ndi nkhani ya wapampando yemwe adagulitsa katundu wa gulu n'kubwera ndi nthano, kapena msungichuma yemwe adakhoma malata nyumba yake chaka chomwe gulu lidaluza. Anthu akapsa kamodzi safunanso kuyandikira moto. Komabe taganizani momwe kubako kudachitikira. Nthawi zambiri mamembala sadaonepo buku la ndalama, sadafunse kuti katundu adagulitsidwa kwa yani ndipo pamtengo wanji, ndipo chisankho chidatha zaka zisanu osachitika. Ena adaona koma adachita manyazi kufunsa chifukwa wapampando ndi mkulu wa mpingo kapena ndi apongozi. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kopaletivi yolembetsedwa imayenera kuchititsa msonkhano waukulu chaka chilichonse, kuwerenga za chuma pamaso pa onse, ndi kulola kuti mabuku ake afufuzidwe. Membala aliyense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi masheya ambiri kapena ochepa. Mphamvuzi n'zanu kale, zimangofuna munthu woimirira n'kuzigwiritsa ntchito.

Palinso kuba kwina komwe sitikonda kukutchula, kwa ife mamembala. Kulandira mbewu ndi inokulanti pangongole ya gulu, n'kukagulitsa zokolola mozemba. Kuthira mchenga kapena timiyala pansi pa thumba. Kuwaza madzi kuti soya alemere. Thumba limodzi lotere likapezeka pafakitale, thiraki yonse imabwezedwa kapena kudulidwa mtengo, ndipo wogulayo sabweranso. Tikamadandaula za sikelo ya venda, tiyang'anenso m'matumba mwathu.

Si zamsika zokha

Amene mudalima soya m'chaka cha 2023 simungaiwale matenda a dzimbiri. Minda yomwe inkaoneka yobiriwira bwino idasanduka yofiirira m'masabata ochepa, masamba n'kuyoyoka makoko asanakhwime, ndipo ambiri sadabweze ngakhale mbewu. Matendawa amayenda ndi mphepo ndipo sadziwa malire a munda. Amayambira kunsi kwa masamba a m'munsi ngati timadontho, nthawi zambiri soya akayamba maluwa, ndipo mankhwala amathandiza pokhapokha mwapopera msanga. Mlimi payekha amazindikira mochedwa, akathamangira kusitolo amapeza mankhwala atha kapena akwera mtengo, sipuleya n'kukhala yobwereka kwa munthu yemwe nayenso akuifuna tsiku lomwelo. Gulu likhoza kusankha anthu awiri oyendera minda sabata iliyonse n'kumatembenuza masamba, kugula mankhwala pamodzi nthawi ilipo, kukhala ndi masipuleya akeake, ndi kuimbira mlangizi tsiku lomwe dontho loyamba laoneka.

Chimodzimodzinso mbewu. Mitundu monga Tikolore, Makwacha, Nasoko ndi Serenade imasiyana kakhwimidwe ndi momwe imachitira m'madera osiyanasiyana, ndipo soya wobwezerabwezera zaka zambiri kapena wosungidwa potentha samera bwino. Gulu logula mbewu yovomerezeka pamodzi limatsitsa mtengo, ndipo likagulitsidwa mbewu yachinyengo limakhala ndi lisiti ndi mawu okadandaula. Inokulanti ndi tizilombo tamoyo tomwe timafa tikakhala padzuwa, choncho kuitanitsa pamodzi kuchokera kwa wogulitsa wodalirika, masiku obzala atayandikira, kumapulumutsa ndalama zambiri. Ndipo pomwe misika yatsopano ikutseguka, monga wa ku China komwe soya wa m'dziko muno adayamba kupita mu 2024, ogula akufuna katundu wambiri, wofanana, woyera ndi wouma bwino. Mlimi wa matumba 8 sangafikeko yekha. Akapanda kufikako kudzera m'gulu lake, adzafikako kudzera mwa wina amene adzadye pakati.

Zoti muchite chaka chino

Ngati m'dera lanu muli kale kalabu kapena kopaletivi, pitani mukaione musanaweruze. Funsani satifiketi yake, malamulo ake, tsiku lomwe kudachitika chisankho chomaliza, ndi lipoti la chuma la chaka chatha. Funsani kuti ndalama zimasungidwa kubanki iti ndipo amasainira ndi anthu angati. Atsogoleri abwino amakondwa ndi mafunso otere. Akakwiya, mwadziwa kale zomwe mumafuna kudziwa.

Ngati mulibe, yambani ndi anthu 10 kapena 15 omwe mumadziwana ndipo mukhoza kukhulupirirana pa ndalama. Musadikire galimoto. Mlangizi wa m'dera lanu ndi a ofesi ya zamalonda kwa DC akhoza kukuthandizani kalembedwe ka malamulo ndi kalembetsedwe. Amayi, omwe ndi amene amagwira ntchito yaikulu yobzala, kuzula, kupuntha ndi kupeta soya, akhale m'komiti ndi pa siginecha ya kubanki, osati pophika nsima ya msonkhano pokha. Achinyamata odziwa foni ndi masamu apatsidwe mabuku ndi ntchito yofufuza mitengo.

Chinthu choyamba kugula ndi chopereka chanu chikhale sikelo ya gulu, yoyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, omwe ndiwo ali ndi udindo woona masikelo a malonda. Aliyense ayeze katundu wake asanapite kulikonse, ngakhale amene akukagulitsa kwa venda. Munthu wodziwa kuti thumba lake ndi makilogalamu 50 amaima mosiyana ndi wongoganizira. Ndalama zikalola, gulani kachipangizo koyezera chinyezi, kuti soya azilowa m'thumba atauma kufika pa 13 peresenti kapena kutsikirapo, ndipo nkhani yoti sadaume ithere pomwepo.

Lembani matani omwe gulu likuyembekeza, ndipo muimbire ogula atatu kapena anayi, osati mmodzi. Mukagwirizana, zilembedwe: mtengo, tsiku lonyamula, wolipira mayendedwe, ndi tsiku lolipira. Katundu asachoke pa mawu apakamwa. Ndalama zikalowa, ziwerengedwe pagulu ndipo aliyense alandire pepala loonetsa makilogalamu ake, mtengo, ndi chomwe chadulidwa.

Kenako gulu lanu lilowe m'bungwe lalikulu, kaya ndi NASFAM, Farmers Union of Malawi kapena mgwirizano wa makopaletivi a m'boma lanu, ndipo lizilipira umembala wake. Mukatero muli ndi ufulu wowafunsa kuti chaka chino anena chiyani kuboma pa za soya. Atumeni zinthu zomveka: mitengo yoyambira izilengezedwa kukolola kusanayambe ndipo pakhale oikhwimitsa m'misika ya kumidzi; chiletso chotumiza soya kunja chisamabwere modzidzimutsa alimi atabzala kale, ndipo chisanaikidwe alimi azifunsidwa; masikelo a ogula aziyenderedwa nthawi yokolola; ogula akapangana mitengo, nkhani ipite ku Competition and Fair Trading Commission. Phungu wa dera lanu aitanidwe kumsonkhano wa gulu nthawi ino, amve kuchokera kwa anthu omwe ali ndi matani 30 m'nyumba imodzi.

Zonsezi sizingatheke chaka chimodzi, ndipo gulu lanu lidzalakwitsa zina. Mwina chaka choyamba phindu lidzangokhala makilogalamu 16 aja ndi mtengo wokwererapo pang'ono. Landirani, lembani m'buku, ndipo chotsanipo kotala ya kilogalamu pathumba kuti gulu likhale ndi poyambira chaka chamawa. Pamsonkhano wotsatira, mlembi akamaliza kuwerenga za chuma n'kufunsa ngati pali funso, musayang'ane pansi. Imikani dzanja, chifukwa ndalama zomwe akuwerengazo ndi soya wanu.